Mmene Ndinaululira za Mwana wa Mnzanga

Gulu lathu linayambira pa maliro. Mwamuna wina wa kabaza ya njinga yamoto, amene ambiri a ife ku Mchengautuwa kuno tinkakwera njinga yake popita m'tauni, anadzimangirira m'nyumba ya lendi mkazi wake atapita kumsika. Pamaliropo anthu ankangonong'onezana. Ena ankati ndi chamba, ena ankati ndi timabotolo tija ta mowa waukali totsika mtengo, ena ankati anachita kumulodza. Titabwerako kumanda, tisanabalalike, mayi ena a m'dera lathu lomweli anapempha kuti alankhulepo. Anali anamwino pa chipatala china cha matenda a maganizo mumzinda muno, mayi afupi, a mawu otsika.

"Tonsefe tinkamuona akusintha," anatero. "Ine ndinamuona, inunso munamuona. Tinkakwera njinga yake, n'kutsika, n'kunena kuti yewo, basi. Amene akufuna kuti tizikhala pansi n'kumakambirana zinthu zimenezi, abwere Loweruka masana ku sukulu ya mkombaphala ija ili pafupi ndi chigayo."

Ine kwathu ndi ku Nkhata Bay. Ku Mzuzu ndinabwera ndi ntchito ya ukalaliki mu ofesi ina m'tauni, amuna anga ndi aphunzitsi, ndipo ana athu nthawi imeneyo anali kukhoza bwino kusukulu. M'nyumba mwanga munalibe womwa kapena wosuta. Ndikanena zoona, Loweruka loyambalo ndinapita chifukwa ndimakonda kupezeka pamene chinthu chikuyambika. Ndinapita ngati munthu wokathandiza ena, osati ngati wofuna thandizo. Atafunsa kuti ndani angamalembe zokambirana, ndinali nditatulutsa kale bolopeni m'chikwama. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa linasanduka "alembi".

Tinkakhala pa timipando ta ana, mawondo ali m'mwamba, makoma ali ndi zithunzi za njovu ndi zilembo za a, e, i, o, u. Panali abusa a mpingo wina waung'ono, ashehe a pa mzikiti wa kumtunda, bambo wina wopuma ntchito ya upolisi, amayi a m'mipingo yosiyanasiyana ndi anthu angapo a kabaza. Anamwino ankatiphunzitsa pang'onopang'ono kuti mutu nawonso umadwala ngati chifuwa, kuti munthu amene wasiya kusamba, wasiya kudya ndi anzake, wayamba kugawa katundu wake, si wa mwano koma akuitana. Tinkayendera ogulitsa mowa n'kuwapempha kuti asamagulitse kwa ana a sukulu. Ena ankatilandira, ena ankatitukwana. Wina akadwala tinkasankha awiri omuperekeza kuchipatala, kuti asapite yekha ngati wakuba.

Ola lomaliza la msonkhano linali la kulankhula za kumtima. Buku ndinkalitseka, chitseko chinkatsekedwa, ndipo tonse tinkanena pamodzi lamulo limodzi lomwe tinali nalo: zapano n'zapano.

Pagulupo panali anthu awiri amene nkhani iyi ikuwakhudza. Oyamba anali bambo a kabaza ochokera ku Rumphi, a zaka za m'ma fote, olongolola, oseketsa, amene anamwa mowa kuyambira ali mnyamata. Malemu uja anali mnzawo wa pa siteji imodzi yodikirira okwera. Anasiya kumwa pa msonkhano wachiwiri, ndipo Loweruka lililonse ankaimirira n'kunena chiwerengero cha masabata amene atha osalawa, ife n'kuwaombera m'manja. Ankanyadira chomene. Mwini njinga imene ankayendetsa anali atayambanso kuwakhulupirira.

Ena anali amayi a pagolosale. Iwo ndi amuna awo ndi Asilamu ochokera ku Machinga, ndipo golosale yawo ili pa kona ya msewu wathu. Ndinkagula kwa iwo shuga ndi sopo kwa zaka zambiri. Tinkaitanana kuti achemwali. Ine ndikachokera kwathu ndinkawabweretsera kondowole ndi usipa, iwo pa Idi ankanditumizira mpunga ndi nyama ya mbuzi. Kumsonkhano ankabwera Loweruka lililonse, n'kukhala pafupi ndi chitseko, mpango wawo atakokera mpaka pachipumi. Kwa miyezi inayi sanalankhulepo kanthu kupatula moni.

Tsiku limene analankhula kunkagwa kamvula kamawawa kaja ka ku Mzuzu, ndipo tinali ochepa. Anayamba akuyang'ana pansi. Anati mwana wawo wamkazi, amene tonse tinkamudziwa, mtsikana waulemu amene anamaliza koleji n'kumathandiza mu golosale poyembekezera ntchito, anali atazolowera mankhwala a chifuwa. Ankamwa botolo lonse, nthawi zina awiri pa tsiku, n'kuphatikizapo mapilitsi ogonetsa. Zinayamba ntchito itasowa chaka chonse, anzake onse atalembedwa. Iwo anapeza mabotolo opanda kanthu m'sutikesi. Kenaka tsiku lina anamupeza atameza mapilitsi ambiri nthawi imodzi, ndipo anathamangira naye kuchipatala akuuza aneba kuti ndi malungo.

"Bambo ake sadziwa zonse," anatero. "Ndipo pali mwamuna wa ku Katawa amene wamufunsira. Akwawo anabwera kale. Ine ndikungoyenda nazo ndekha, chakudya sichikutsika. Ndanena pano chifukwa mwati zapano n'zapano."

Ndinadzuka pa kampando kanga n'kukawagwira dzanja. Ndinalira nawo. Anamwino anakonza zoti aonane ndi mtsikanayo mwakachetechete, ndipo sabata yotsatira amayi aja anabwera nkhope itamasuka. Potuluka anandigwira mkono n'kunena kuti, "Achemwali, sabata ino ndagona tulo."

Patapita mwezi, amayi a mpingo wathu ochokera m'matchalitchi angapo anakumana Lachinayi ku Katawa. Amayi a pampando anamva za gulu lathu ndipo anandipempha kuti ndikafotokozeko. Ndinasita bulauzi yoyera, ndinalemba mfundo pa pepala. Tchalitchi chinadzaza. Ndinayamba bwino: mmene tinayambira, zimene anamwino amatiphunzitsa, tsiku ndi malo okumanira. Koma ndinaona kuti ena ayamba kuyang'ana mafoni, ena akusinza. Mfundo za papepala zinatha, ndipo ine sindinafune kukhala pansi anthu asanagwedezeke.

Ndinati, "Amama, vuto ili silisankha mpingo. Ngakhale anzathu a Chisilamu akubwera. Pali mayi wina wa golosale, mwana wake wamkazi wophunzira bwino, woti akulowa m'banja posachedwapa, anatsala pang'ono kutisiya chifukwa cha mankhwala a chifuwa."

Mitu inadzuka. Ndinapitiriza. Ndinanena za sutikesi, za mapilitsi, za bodza la malungo. Ndinaikamo ndi misozi ya mayiyo. Ndinkamva tchalitchi chonse chikupuma pamodzi ndi ine, ndipo zinkandikomera. Mayi wina wa m'dera lathu anafunsa ali pansi pomwepo kuti, "Wa golosale ya pa kona ija?"

Ndinayankha kuti, "Ife sititchula mayina." Ndinanena ndikumwetulira. Kumwetulira kumeneko ndimakukumbukira kuposa mawu onse amene ndinalankhula tsiku limenelo.

Anapempherera mtsikanayo, anandiombera m'manja, amayi a pampando anandiuza kuti ndili ndi mphatso. Pobwerera m'minibasi ndinkadziuza kuti sindinatchule dzina la munthu. Magolosale ndi ambiri mu Mzuzu.

Sipanathe masabata awiri. Ankhoswe a mwamuna wa ku Katawa uja anabwera kudzanena kuti ukwati uyambe waima. Sananene chifukwa, koma pa mpope ndi pa chigayo aliyense ankachidziwa chifukwacho. Golosale inatsekedwa masiku atatu. Bambo a mtsikanayo anamva kwa anthu a kunja zimene akazi awo anawabisira. Loweruka lotsatira kampando ka pafupi ndi chitseko kanali kopanda munthu.

Msonkhano wa tsiku limenelo unali wolemera. Anamwino anati chinsinsi chatuluka, ndipo chatulukira mwa mmodzi wa ife amene tinalipo tsiku la mvula lija. Anafunsa modekha ngati alipo amene angafune kunena kanthu. Ndinayang'ana m'buku. Amayi a mpingo wathu amene anandimva ku Katawa sankabwera ku gululi, choncho m'chipindamo munalibe wodziwa.

Bambo opuma upolisi aja ndi amene anayamba. Anati tisazungulire, nkhani zimayenda ndi anthu oyenda. Anatembenukira kwa bambo a kabaza. "Adada, inu mumanyamula anthu a ku Katawa tsiku ndi tsiku. Ndipo pakamwa panu tonse timapadziwa."

Mayi wina anavomereza. Anati anawaonapo atanyamula azakhali a mwamuna uja kuchokera kumsika waukulu.

Bambo a kabaza anaimirira, kampando kanagwa. Anayang'ana aliyense mmodzimmodzi. "Ine? Chiuta wakumanya, nindayowoye kanthu. Mulungu akudziwa, sindinanene chilichonse. Ndimalongolola, inde, koma za mpira, za ndale. Za mwana wa eni, ayi." Maso awo anafika pa ine n'kuima pang'ono, ngati akupempha kuti munthu wophunzira awaikire kumbuyo. Ine ndinawerama n'kulemba. Ndinalemba ndi dzanja langa kuti gulu lakhumudwa ndi kutuluka kwa chinsinsi ndipo likupempha mamembala kusamala malankhulidwe. Anamwino anayesa kunena kuti palibe umboni ndipo tisaweruze munthu, koma mawu anali atagwa kale. Bambowo anatola chipewa chawo cha njinga n'kutuluka. Tsiku limenelo sananene chiwerengero cha masabata awo. Akanati makumi awiri ndi atatu.

Ndinakhala chete masabata atatu. Ndinkapita kuntchito, ndinkaphika, ndinkaimba kwaya. Shuga ndinayamba kukagula m'tauni, ndipo popita kokwera minibasi ndinkazungulira njira ya kuseri kwa chigayo kuti ndisadutse pa kona. Amuna anga anafunsa chifukwa chake sindikudya bwino, ndinati ndi zilonda za m'mimba. Ku gulu anthu anachepa. Amene ankabwera, ola la kumtima likafika ankangoyang'ana zithunzi za pakhoma. Mnyamata wina amene anali atangoyamba kutiuza za chamba sanabwerenso. Ine ndinkakhala pamenepo ndi buku langa, ndikudziwa kuti ndine ndachititsa zonsezi, n'kumanena nawo lamulo lija mokweza ngati ena onse.

Lachitatu lina nditaweruka ndinadutsa pa depoti. Kunali kuzizira kwa mwezi wa Juni, aliyense ali mu jekete. Ndinamva mawu akuti, "Alembi, monire." Bambo a kabaza anali atakhala pa njerwa pafupi ndi wogulitsa tchipisi, opanda njinga, opanda chipewa, malaya atang'ambika paphewa. Fungo linandipeza ndisanayandikire. Anayesa kuimirira kuti andipatse ulemu koma anakhalanso pansi.

"Njinga ili kuti, adada?"

"Eni ake atenga. Ndinagwa nayo." Anaseka pang'ono, kenaka nkhope inasintha. "Pa siteji akunditcha wailesi. Akuti ndinathetsa ukwati wa mwana wa eni. Alembi, inu mumalemba zonse m'buku lija. Mukalembemo kuti sindine."

Ndinawapatsa moni wotsanzika, sindikudziwa kuti ndinati chiyani. M'minibasi ndinakhala kumbuyo kwenikweni, nkhope ndili pa windo. Kondakitala anachita kundigwedeza kuti ndafika.

Lamlungu masana ndinapita kunyumba kwa anamwino. Ndinawapeza akuchapa yunifomu kuseri kwa nyumba. Ndinanena zonse ndili chiimire, kuyambira bulauzi yoyera mpaka kumwetulira kuja. Sanasiye kuchapa. Atafinya, anayanika, n'kupukuta manja pa chitenje.

"Mwabwera kwa ine chifukwa ndine wosavuta," anatero. "Ine simunandilakwire kwenikweni. Mukudziwa makomo amene muyenera kugogoda."

Ndinawapempha kuti andiperekeze. Anakana. Anati ku Katawa ndinaima ndekha.

Ndinapita Lolemba m'mawa, nditapempha kuntchito kuti ndichedwa. Bambo a golosale anali pa kauntala. Ndinawapatsa moni, anayankha mwaulemu osandiyang'ana, n'kuloza kuseri. Achemwali anga anali pa mkeka, akuthira shuga m'timapepala tapulasitiki ndi kapu. Anali ataonda. Sindinadikire mpando, ndinakhala pansi pa dothi.

"Achemwali, ndabwera ndi mlandu. Nkhani ya mwana inatuluka m'kamwa mwanga. Ndinainena ku tchalitchi, pamaso pa anthu ambiri."

Anamanga kapepala kamodzi, n'kutenga kena. "Ndikudziwa."

Anathiramo shuga n'kupitiriza.

"Munanena Lachinayi. Lachisanu m'mawa mayi wina wa kumpingo kwanu anabwera kudzagula mafuta. Anati pepani ndi za mwana wanu, dzulo tinamupempherera, alembi anatifotokozera zonse." Anakweza maso. "Munamupempherera, achemwali. Zikomo."

"Bwanji simunanene?"

"Ndinene kwa ndani? Ndinanenapo kamodzi, mwaona zimene zinachitika. Ndinkangoona mukuzungulira kuseri kwa chigayo. Ndinati ndione ngati miyendo imeneyo idzafike pano yokha."

Ndinapepesa. Mawu anga ankamveka opepuka ngakhale kwa ine mwini. Ndinayesa kufotokoza kuti cholinga changa chinali chabwino, koma ndinasiyira pakati chifukwa sizinali zoona zonse. Ndinati, "Ndinafuna kuti andiombere m'manja." Kenaka ndinawauza za bambo a kabaza, mmene anawanamizira ine ndili pomwepo, ndi mmene ndinawapezera pa depoti. Izi sankazidziwa. Anaika kapu pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba mawu awo anakwera.

"Munthu uja anasiya mowa tikuona. Inu munali ndi pakamwa pa tchalitchi chodzaza, koma m'kachipinda ka anthu khumi pakamwa panatsekeka? Za ine zisiyeni, zachitika. Pitani kwa bambo amenewo."

Ndikudzuka, mtsikana uja anatuluka m'nyumba atanyamula ndowa. Anali atamva zonse. Anagwada pang'ono monga mwa khalidwe lake n'kundipatsa moni, ndipo ulemu umenewo unandipweteka kuposa mawu a mayi ake.

"Anti," anatero, "mwamuna uja ndikanamuuza ndekha. Ine ndi anamwino tinali titagwirizana kale kuti ndimuuze ukwati usanachitike. Mwina akanandisiyabe. Koma akanamva kwa ine."

Anapita ku mpope. Palibe amene anandiperekeza mpaka pa msewu.

Loweruka ndinaimirira pakati pa timipando tija n'kunena zonse kachitatu. Sizinapepuke. Bambo opuma upolisi anayamba ndi kunena kuti ndichotsedwe, kenaka anakumbukira kuti chala chinaloza munthu wosalakwa chinali chawo, ndipo anakhala pansi n'kugwira mutu. Mayi amene ananena za azakhali aja analira. Ashehe anati mlandu wanga ndi waukulu, koma gulu limene limalandira oledzera akagwa silingathamangitse wa pakamwa akagwa, bola buku lichoke m'manja mwanga. Abusa anavomereza. Buku analipereka kwa mphunzitsi wina wachitsikana. Anagwirizananso kuti aliyense woitanidwa kukalankhula za gulu kunja azipita ndi mnzake, ndipo azinena za ntchito yokha, osati za munthu, ngakhale popanda dzina. Ine anandipatsa ntchito yosesa chipinda ndi kubwezeretsa timipando m'malo mwake tikamaliza.

M'mawa mwake, tisanapite ku mapemphero, ashehe, abusa, bambo opuma upolisi ndi ine tinapita kunyumba kwa bambo a kabaza. Tinawapeza asanamwe, atakhala pakhonde. Akazi awo anatiyalira mkeka koma sanatipatse moni wachiwiri. Ndinagwada pamaso pa bambo a kabaza n'kunena kuti ndine ndinaulula, ndipo tsiku limene ankawanena ndinkadziwa.

Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Munali pomwepo, amama," anatero pomaliza. Sananditchenso alembi. "Ndinakuyang'anani."

"Munandiyang'ana, adada."

Akazi awo ndi amene analankhula zambiri. Anati kwa miyezi isanu ana ankadya kawiri pa tsiku, bambo ankafika kunyumba dzuwa lisanalowe, iwo anali atayamba kuyenda mutu uli m'mwamba. Anafunsa ngati kupepesa kwanga kubweze njinga. Bambo opuma upolisi nawonso anapepesa, ndipo analonjeza kukalankhula ndi mwini njinga.

Bambo a kabaza anapempha chinthu chimodzi. Anati dzina lawo linaipira pa siteji, choncho likakonzedwere pa siteji pomwepo.

Ndinapita Lolemba nthawi ya m'mawa pamene anthu amakhala ambiri, ndili mu zovala za ku ofesi. Panali njinga zoposa khumi, injini zikulira, ophunzira ndi amayi a kumsika akudikira. Wapampando wa siteji anawauza kuti azimitse. Ndinanena mokweza kuti bambo aja sanaulule chilichonse, kuti woulula ndine, ndipo ndinakhala chete iwo akunamiziridwa. Sindinatchule nkhani yake. Wina anaseka n'kunena kuti, "Kani wailesi ndi amama a ku ofesi." Ena anaseka nawo. Mayi wina amene timapemphera limodzi anali pamzere, ndipo anatembenuza nkhope. Nditamaliza palibe amene anandiitanira njinga monga amachitira masiku onse. Ndinayenda wapansi mpaka ku msewu waukulu.

Amuna anga ndinawauza tsiku lomwelo, asanamve kwa ena. Anangoti, "Ndiye zilonda za m'mimba zija."

Bambo a kabaza sanabwerere msanga. Anzawo awiri a pa siteji ndi anamwino ankapita kwawo sabata iliyonse, ine osapita chifukwa akazi awo ananena kuti asandionenso pakhomopo. Patatha miyezi iwiri analowa m'chipinda chathu Loweruka lina, n'kukhala kutali ndi ine. Nthawi itakwana anaimirira n'kunena kuti, "Sabata imodzi." Anthu anaomba m'manja. Ine ndinaomba mochedwa, sindinkadziwa ngati ndili ndi ufulu. Anadzagwanso chaka chomwecho, n'kudzukanso. Njinga ija sanaipezenso, pano amayendetsa ya munthu wina. Tikakumana timapatsana moni. Sindinakwerepo njinga yawo kuyambira nthawi imeneyo, ndipo iwo sanandiitanirepo.

Achemwali anga sanabwererenso ku gulu. Amuna awo, atakwiya n'kuziziritsa mtima, anayamba kuperekeza okha mwana wawo kuchipatala, ndipo ndinamva kuti iwo ndi ashehe amakumana ndi abambo ena pa mzikiti kukambirana za ana awo. Mtsikanayo anachira pang'onopang'ono. Pano ali ndi kashopu kake ka nsalu kumsika waukulu. Za banja sindidziwa ndipo sindifunsa. Ndisanalembe izi ndinapita kukamupempha, ndipo anati ndilembe, bola ndisinthe zoti anthu angamudziwire, komanso ndisadzikongoletse. Choyambacho ndachita. Ndinayambiranso kugula shuga pa kona. Mayi ake amandipatsa moni, amafunsa za ana, amandipatsa chenje. Amanditcha amayi. Ulendo wina ndinabweretsa usipa kuchokera kwathu, analandira ndi manja awiri n'kuthokoza, koma pa Idi mbale sinabwere.

Gulu lidakalipo. Linatenga pafupifupi chaka kuti ola la kumtima liyambenso kudzaza ndi mawu, ndipo ena amene anachoka sitinawaonenso. Mnyamata wa chamba uja ndimamuona nthawi zina pafupi ndi depoti, akulankhula yekha. Sindinganene kuti akanachira akanakhala nafe. Sindinganenenso kuti sakanachira.

Miyezi ingapo yapitayo kunabwera mayi wina wachitsikana, wobereka mwana kumbuyo, wongosamukira kumene m'dera lathu. Anakhala misonkhano iwiri osalankhula. Pa msonkhano wachitatu anatsalira ena atatuluka, ine ndikusesa. Anandithandiza kunyamula timipando, kenaka anafunsa motsitsa mawu.

"Amama, inu mwakhalitsa muno. Zoona munthu akanena zake muno sizituluka?"

Ndinaimika tsache. Ndinamuuza kuti zinatulukapo kamodzi, zinawononga ukwati wa munthu ndi ntchito ya munthu wina, ndipo amene anazitulutsa ndine. Ndinati kuyambira pamenepo sindinamvepo kuti zatulukanso, koma ayese yekha, asadalire mawu anga.

Anandiyang'ana, n'kukonza mwana kumbuyo. Anati yewo, n'kutuluka. Loweruka lotsatira anabwera, anakhala pafupi ndi anamwino, ndipo sanalankhule. Mpaka lero sanalankhulebe, koma sanajombepo.